Dilamu Limodzi la Amama

Tabwera nalo kuno bukulo, Nelia. Ayi, usandipatse m'manja, maso angawa ndi zilembo anasudzulana kalekale. Werenga iweyo. "Mafakitale a m'chigawo chathu." Eya, pitiriza. Kuchotsa njere m'thonje, kuyenga mafuta ophikira, kugaya ufa. Basi? Mphunzitsi wako wathera pomwepo? Ndiye ine agogo ako, zaka zonse zija ndinkalawirira ndi njinga mame asanaume, ndinkapita kukasewera nsolo? Mphunzitsi ameneyo ndikumudziwa, amaimba besi mu kwaya. Mowa wausiya dala.

Khalani pansi nonse, koma manja asaime, mtedzawu sudziswa wokha. Iwe Madalitso, ika foniyo m'thumba. Ndikuuzeni za fakitale imene inaphunzitsa atate anu sukulu, ndi za tsiku limene ndinadzichititsa manyazi kuposa masiku onse a moyo wanga.

Woyamba kufulula mowa m'banja mwathu sindine. Anali amama anga, Anaphiri, amene inu simunawaone. Anali aafupi, oonda, koma pakamwa pawo panali lumo. Atate anga anamwalira ine ndisanayambe kuvala kabudula, ndipo chimene chinandilera ndi mbiya zitatu za kuseri kwa nyumba, kumudzi kwathu njira ya ku Chiparamba. Inu mowa mumauona uli kale m'paketi, ngati unagwa kumwamba wotsekatseka. Mowa ndi ntchito ya masiku ambiri, ana inu. Uviike mawere, uwavundikire ndi masamba a nthochi mpaka amere, uyanike chimeracho, usinje, uphike phala la chimanga, ulisiye ligone, uliphikenso, uthire chimera, kenako usefe. Amama analibe wotchi, analibe chitsulo choyezera kutentha. Ankaviika chala chaching'ono m'phala, n'kugunditsa khutu pa mbiya ngati akumvera miseche ya anansi. Akati "mawa wapsa", mawa lake unkapsadi.

Nditamaliza sukulu anazondotsa mbiya zonse zitatu. Anati, "Ntchito yake yatha." Analowa kalasi n'kubatizidwa mu mpingo wathu uno, umene mukuudziwa kuti mdani wake woyamba ndi mowa, Satana amabwera pachiwiri. Anzathu a ku mishoni ya ansembe akamwa chipanda pa ukwati palibe amawaitanira ku bwalo. Ife ngakhale thobwa likagona masiku atatu timaliyang'ana mokayika.

Ine ndinabwera m'tauni muno kudzafuna ntchito nthawi ija tinkafola mzere kuti tigule sopo. Ndinayamba ku fakitale ya njinga, anati malo adzaza. Geti limene linanditsegukira linali la fakitale ya mowa wamasese, uja ankaunyamula m'malole a mathanki kupita nawo m'mathaveni. Ndinayamba ndi kutsuka mathanki, ndinapita kosonkhezera moto, mpaka ndinakhala kapitawo wa chipinda chophikira.

Tsiku loyamba kulowa m'chipindamo ndinatsala pang'ono kuseka. Kunali kuseri kwa nyumba ya amama ndithu, kungoti mbiya zake zachitsulo, zazitali ngati nkhokwe ziwiri zosanjikiza, ndipo m'malo mwa mthiko munali injini. Chimanga chomwecho, phala lomwelo, fungo lomwelo. Chosiyana chinali mayina okha. Kumudzi amati kufulula, kumeneko tinkati pulodakishoni. Kumudzi wofulula amamutcha mayi wamowa, ife tinali ogwira ntchito za mafakitale, ovala makhoti oyera ndi jombo ngati madokotala. Akuluakulu akabwera kuchokera ku Lusaka ankatiimika pamzere, n'kutiuza kuti ndife msana wa chitukuko cha dziko, ife n'kuomba m'manja. Sabata yomweyo unkamva kuti m'makomboni amayi awakhuthulira madilamu awo m'ngalande, ati alibe chilolezo.

Ku mpingo nako zinandiyendera. Abusa atandilandira anandifunsa za ntchito.

"A Mbewe, mumagwira kuti?"

"Ku mafakitale, abusa."

"Mumapanga chiyani kumeneko?"

"Timakonza chimanga."

Abusa anagwedeza mutu, nati, "Ntchito yabwino. Anthu ayenera kudya."

Sindinaname, ana inu. Ndinangochiimitsa chilungamo panjira kuti chipume.

Mukuganiza kuti anthu sankadziwa? Chipata ya nthawi imeneyo ukayetsemula ku msika, akunyumba kwako ankakhala atamva usanafike. Ndinkalowa m'tchalitchi ndi malaya ochapa, koma fungo la chimera silimva sopo. Onse ankadziwa. Kungoti panali nkhumba. Mowa ukasefedwa pamatsala madeya onyowa, ndipo palibe chakudya chonenepetsa nkhumba ngati chimenecho. Wogawa madeyawo pa geti lakumbuyo ndinali ine. Lolemba lililonse kunkafika a Zulu, wamkulu wa akulu a mpingo onse, munthu amene akamalalikira za uchidakwa mitsempha ya m'khosi inkachita kuima. Ankabwera ndi njinga ndi matumba awiri. Mawu akuti mowa sankatuluka m'kamwa mwawo. Ankati, "A Mbewe, zakudya za ziweto zija zilipo?" Pambuyo pawo pankabwera a mlembi a mpingo, pambuyo pa a mlembi ena. Pasanathe zaka zitatu anandisankha ukulu wa mpingo, ndipo panalibe dzanja limene linatsala pansi.

Kumwa sindinkamwa, iwe Madalitso usandiyang'ane choncho. Ndinkalawa. Kapitawo ayenera kulawa thanki iliyonse n'kulavula. Kulawa si kumwa. Mwina nthawi zina malovu ankasokera njira, koma zimenezo n'za pakhosi, si za mumtima.

Tsopano mvetserani. Chaka china mvula inagwa yosalekeza kuyambira Disembala. Udzu unapitirira chimanga m'munda mwa amama, ndipo iwo msana unali utayamba kukana khasu. Anatuma uthenga kawiri kuti ndipite kapena nditumize olima. Ine ndinali pa mpanipani: Khirisimasi, Chaka Chatsopano, kenako kukonzekera khamu la ku Mtenguleni pa mwambo wa Ncwala, nyengo imene mathanki sankazizira. Ndinayankha kuti ndibwera Loweruka. Panadutsa masabata anayi, Loweruka langalo silinafike.

Amama anachita chimene munthu aliyense wa nzeru akanachita. Anabwereka dilamu, anafulula mowa, n'kuitana dima. Dima simulidziwa inu a mankhwala opopera udzu. Anthu a m'mudzi ankabwera ndi makasu awo kudzalima munda wa mnzawo tsiku limodzi, akuimba, malipiro ake chipanda. Dzuwa lisanapendeke munda wonse unali mbee. Chimanga chinapulumuka.

Koma wina anakanena. Nthawi imeneyo mpingo unali umodzi kuchokera m'tauni muno mpaka kumudzi kwathu, m'busa mmodzi, bwalo la akulu limodzi. Ndiye mlandu wa amama unabwera pa tebulo lomwe ine ndinkakhalapo.

M'mawa wa tsikulo ndikumanga tayi, agogo anu aakazi, a Esinati, anaima pakhomo.

"Bambo a Yona, lero mukakhala mbali iti?"

Ndinati, "Malamulo a mpingo sayang'ana nkhope."

Iwo anati, "Amayang'ana nkhumba."

Ndinatuluka osamwa tiyi.

Bwalo linakumana Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Amama anabwera wapansi kuchokera kumudzi, matope mpaka m'akakolo. Anawapatsa mpando, anakana. Anakhala pansi n'kutambasula miyendo, ife amuna asanu ndi atatu a majekete titawazungulira. Wofunsa anali a Zulu.

"Anaphiri, tamva kuti munafulula mowa."

"Mwamva bwino. Unali wokoma."

Wina anatsokomola.

"Kodi simudziwa kuti mpingo umaletsa?"

"Ine ndikudziwa. Udzu ndi umene sudziwa."

"Bwanji simunaphike thobwa?"

"A Zulu, inu munaonapo mwamuna wa ndevu zake akupalira munda wa mnzake chifukwa cha thobwa?"

Abusa, munthu wofatsa amene sankakonda phokoso, anati, "Amayi, ingovomerezani kulakwa, tikupempherereni, nkhani ichepe."

Amama anati, "Kulakwa ndavomera, abusa. Koma ine kusukulu sindinapite, ndiye mundithandize masamu. Ndifunse mkulu wa mpingo uyo wakhala kumapetoyo, wa tayi yofiirayo." Sananditchule dzina, ana inu. Mwana wawo mmodzi yekha, sananditchule dzina. "Dilamu limodzi ndi tchimo, ndamva. Nanga munthu afulule madilamu angati kuti chikhale chitukuko? Mundiuze, mwina chaka chamawa ndingakwanitse."

Amene anandipulumutsa anali a Zulu.

"Zimenezo n'zosiyana, Anaphiri. Za a Mbewe ndi za mafakitale. Iwo amangoyang'anira makina. Ofulula ndi makinawo."

"Oho," anatero amama. "Ndiye makinawo ndi amene adzapse ku Gehena."

Abusa anatembenukira kwa ine. "A Mbewe, muli ndi mawu?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Zinali zopolisha bwino. Ndinati, "Ndilibe, abusa."

Anagamula kuti amama akhale miyezi isanu ndi umodzi osadya Mgonero, ndipo azikhala pa benchi lakumbuyo, la olangidwa. Atati tikweze manja, langa linakweranso. Silinapite pamwamba kwenikweni, linafika cha pakhutu ngati ndikudzikanda, koma a mlembi analiwerenga.

Titatuluka ndinawathamangira ndi njinga.

"Amama, kwerani ndikuperekezeni."

"Ayi, abambo akulu a mpingo, mungadetsedwe. Ndikununkha mowa."

Anabwerera wapansi, monga anabwerera.

Masabata atatu otsatira sindiwafunira munthu. Kunyumba a Esinati ankandiikira chakudya mwaulemu ngati mlendo wa boma, n'kutuluka. Kuntchito ndikalawa thanki, zonse zinkawawa ngati ndulu. Ndinkadziuza kuti ndinasunga lamulo, koma ndikangowerama kuyang'ana phala likuwira ndinkamva funso lija la madilamu.

Kenako linafika Lamlungu la Mgonero, tsiku limene a m'midzi onse amabwera ku tchalitchi chachikulu. Mukudziwa mmene zimakhalira, akulu a mpingo amayenda ndi mbale za timakapu benchi ndi benchi. Ine anandipatsa mizere yakumbuyo. Lamulo ndi lakuti ukafika pa benchi la olangidwa umatembenuka, osapereka. Benchi limenelo silisankha amuna kapena akazi, ndi malo okhawo m'tchalitchi mwathu amene anthu amafanana. Tsikulo panakhala mtsikana wina amene anatenga mimba asanakwatiwe, bambo wina wa mitala, ndi amama kumapeto, atavala duku loyera, manja ali pamiyendo.

Akanandiyang'ana mokwiya ndikanapirira. Akanatukwana ndikanapirira. Koma ataona kuti ndikutembenuka ndi mbale pamalo opanikiza, anangobweza mapazi awo kuti ndisapunthwe, monga ankachitira ndili mwana ndikamathamanga m'nyumba. Basi. Chimenecho ndi chimene chinandithyola.

Ndinabwerera kutsogolo. Ndinaika mbale patebulo. Nyimbo inali itangotha. Ndinatembenuka n'kunena kuti, "Abusa, ndi mpingo wonse. Ine Gidioni Mbewe sindikonza chimanga. Ndimafulula mowa. Umene ndimafulula tsiku limodzi ndi wochuluka kuposa umene amama anga afulula moyo wawo wonse. Ndimalawanso, ndipo si nthawi zonse ndimalavula."

Mukanaona kudabwa kwake! Anthu amene zaka zonse ankandilonjera pa geti la fakitale anagwira pakamwa. Mayi wina anafuula, "Mayo ine!" ndipo mayi ameneyo mwamuna wake ndi amene ankayendetsa lole yathu ya thanki. A Zulu anaimirira, mitsempha ija itaima, nati, "Ife izi tikuzimva lero!"

Ine ndinayenda tchalitchi chonse mpaka kumbuyo, n'kukhala pafupi ndi amama. Ndinkayembekeza kuti alira, kapena andigwira dzanja. Iwo ananong'ona osatembenuka n'komwe.

"Wachedwa. Ndipo wakhalira chitenje changa."

Bwalo linakumana popanda ine. Anandivula ukulu wa mpingo, n'kunena kuti Mgonero sindidzadya mpaka nditasiya ntchito. Ntchito sindinasiye. Atate anu ndi abale awo anali pasukulu onse anayi, ndipo mafakitale ena a m'tauni muno anali atayamba kutsokomola mmodzimmodzi. Anthu atha kusiya kugula njinga, atha kusiya kugula nsalu, koma ludzu silipita pa tchuthi. Mafakitale amene ankawatchula pa wailesi monyadira anatseka mageti, yathu yochititsa manyaziyi utsi unkafukabe.

Lolemba lotsatira, m'mawa, ndikutsegula geti lakumbuyo, ndinapeza a Zulu ataima ndi njinga yawo ndi matumba awiri. Tinayang'anizana.

Anati, "A Mbewe, zauzimu ndi zauzimu. Koma ziweto sizinalakwe."

Ndinawadzazira matumba onse awiri, n'kuwathandiza kumanga. Anyani sasekana zikundu.

Kuyambira pamenepo Loweruka langa lija linayamba kufika. Ndikaweruka ndinkapalasa njinga mpaka kumudzi, khasu nditamangirira kumbuyo. Msewu wake sunali uwu mukuudziwa, mvula ikagwa njinga ndi imene inkakwera munthu. Ndinkalima, n'kugona komweko, ndipo Lamlungu tinkakhala limodzi pa benchi lakumbuyo m'kachalichi ka kumudzi. Chichokereni kumudzi ndili mnyamata, ndinali ndisanakhalepo pafupi ndi amama nthawi yaitali chonchi. Ankandinong'oneza za aliyense wolowa: uyu ankamwa pa ngongole ya nkhuku, uyu anagwera m'mbiya yanga, uyu akutsogolera pempheroyu ankavina ndi chipanda pamutu. Ndinkaluma mlomo kuti ndisaseke.

Nyengo yomweyo mowa wathu ku fakitale unayamba kusasa msanga. Lole isanafike ku Katete, mowa wasanduka viniga, amathaveni akubweza. Tinali ndi mnyamata wa digiri woyeza mowa, wa magalasi, wa chipinda chake chodzaza timabotolo. Anayeza madzi, anayeza mapaipi, anayeza kutentha, analemba mapepala mulu. Ine ndinangotapa chimanga cha m'nkhokwe ya fakitale m'thumba la jekete, n'kupita nacho kumudzi. Amama anachinunkhiza, anatafuna njere imodzi, n'kulavula.

"Chimanga ichi chinanyowapo n'kuumanso. Kodi kwanuko mphuno munazisiya pa geti?"

Lolemba ndinakwera pamwamba pa nkhokwe, ndinapeza lata loboola, chimanga cha pakona chitachita nkhungu. Titakonza, mowa unabwerera mwakale. A manijala anasonkhanitsa antchito onse, anayamikira sayansi, ndipo wa digiri uja anamutumiza ku maphunziro kunja. Nditawanong'oneza a manijala kuti nzeruzo zinachokera kwa amama anga, anakondwa kwambiri, n'kundipatsa kalendala ya kampani kuti ndikawapatse. Kalendala ya chithunzi cha mowa, kwa munthu amene ali pa chilango chifukwa cha mowa! Amama anaiyala pansi n'kuyanikapo therere.

Miyezi isanu ndi umodzi inatha. Linafikanso Lamlungu la Mgonero ku tchalitchi chachikulu. Abusa anaitana dzina la amama, iwo anapita kutsogolo, anawapempherera, n'kuwakhazika pakati pa amayi anzawo ovala zoyera. Kapu anawapatsa a Zulu ndi dzanja lawo. Mtsikana uja nayenso anali atabwezeredwa, ndiye kumbuyo tinatsala awiri, ine ndi bambo wa mitala. Ndinakondwa, ana inu, ndinakondwadi, koma maso anga ankangobwerera pa benchi. Malo a kumanzere kwanga anali opanda munthu.

Mgonero utatha, abusa akutsegula buku kuti alengeze nyimbo, ndinamva ndodo ikugogoda simenti. Go. Go. Go. Amama anali ataimirira kutsogolo kuja, akubwera pakati pa tchalitchi pang'onopang'ono, mitu yonse ikutembenuka kuwatsatira. Abusa anadikira, buku lili m'manja. Anafika pa benchi lathu n'kuima.

Ndinanong'ona, "Amama, chilango chanu chatha. Malo anu ndi kutsogolo."

Anati, "Ndikudziwa. Sendera."

Ndinasendera.

Anakhala pamenepo Lamlungu lililonse limene tinapemphera limodzi, mpaka miyendo inawakanira. Kukakhala Mgonero ankapita kutsogolo kukalandira, n'kubwerera. Akulu a mpingo anafufuza m'malamulo onse, koma sanapeze loletsa munthu wosalakwa kukhala ndi olakwa.

Ine anandibwezera nditapuma ntchito, amama atagona kale kumanda a kumudzi. Tsiku lomwe ndinabweza khoti loyera ku fakitale ndinasanduka woyera mtima, osasintha kanthu kena kalikonse. Anandipatsa mpando kutsogolo, wa khushoni. Ndinaukhalira Lamlungu limodzi.

Inu mumati agogo amakhala kumbuyo kuti aziwodzera bwino. Kuwodzera ndimawodzeradi, maulaliki a masiku ano atalika. Koma mukayang'anitsitsa mudzaona kuti sindikhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, ndimasiya kamalo kumanzere. Iwe Nelia, tsiku lija unathamangira kukhala pamenepo ine n'kukukokera mbali inayi, unakwiya mpaka kunyumba. Sunalakwe kanthu, mwana wanga. Pamenepo pali mwini wake.